Mabanzi Ogwa m'Maso mwa aMvula

Ndinatsika basi pa Kafue Lachinayi masana. Masiku khumi ndi awiri ndili pa ulendo. Dar es Salaam, Kapiri, Lusaka, kwathu. Zikwama ziwiri zamizeremizere, miyendo yotupa, fumbi mpaka m'makutu. Chaka chimenecho, 1997, aliyense wokhala ndi pasipoti ankagulitsa kanthu. Ine ndinkabweretsa mawotchi, mawayilesi ang'onoang'ono ndi magemu olumikiza ku TV.

Mtima wanga unali pa Loweruka. Tsiku limenelo amalume anga, a Obed, amayenera kunyamula mbale kupita kwa aMvula ku Nangongwe, kukandifunsira mwana wawo Mainess. Zaka ziwiri ndikumudikira mtsikana ameneyu.

Pa siteji pamakhala ba Alice, ogulitsa vitumbuwa. Masiku onse amandikuwira ndisanatsike n'komwe. Tsiku limenelo atandiona anavundikira beseni ndi chitenje.

"Ba Alice, shani? Nipatsenikoni viwiri."

"Vatha."

Beseni linali lodzaza mpaka m'milomo.

"Vatha bwanji? Nanga ivi?"

"Nakuuza vatha, Evaristo. Pita chabe."

Sanandiyang'ane. Anasolola kapepala m'chiuno, n'kukaika pa mwala. Osati m'manja mwanga. Pa mwala.

"Ako ni kako. Usanikhudze."

Ndinakatola. Zilembo zinali za Mainess, koma zopendekeka ngati analemba akuthamanga.

*Usayende ku Nangongwe. Katundu ubise. Unipeze kuseri kwa steshoni ya sitima, pa ngolo zakale, nthawi ya fifitini, masana ano. Usauze munthu.*

Nditakweza mutu, azimayi onse a pa siteji anali kundiyang'ana. Palibe amene ankatafuna. Palibe amene ankaitana makasitomala.

* * *

Ndinamupeza atakhala pa chitsulo cha ngolo yadzimbiri, atafunda chitenje kumutu ngati ali pa maliro. Ndinatambasula manja. Sanadzuke.

"Mainess, kwafa munthu?"

"Khala apo. Osati pafupi. Apo."

Ndinakhala pomwe analoza.

"Ni gemu ija," anatero.

Gemu ija. Kabokosi kotuwa, togwirira tiwiri ta mabatani, ndi kaseti yachikasu yolembedwa zilembo zimene palibe angaziwerenge m'Kafue muno. Ukailumikiza ku TV pamaoneka mphika waukulu. Kuchokera kumwamba kumagwa zakudya, ziwiriziwiri. Mabanzi, mazira, nsomba, nthochi, soseji. Ntchito yako ndi kuzitembenuza, kuzikankhira uku ndi uko, kuti zofanana zigundane. Zikagundana zinayi zimaphulika n'kusowa. Ukachedwa, mulu umakwera. Ukafika pakamwa pa mphika, kamunthu kovala chipewa choyera kamagwetsa chivundikiro. Wafa. Yambanso. Gawo lililonse zakudya zimagwa mofulumira kuposa lapitalo. Ife tinkangoitchula kuti Kamphika.

Inapezeka bwanji kwa aMvula? Ndine. Bambo ake a Mainess anagwira ntchito ku fakitale zaka makumi awiri ndi ziwiri, kusanja matumba otsika pa lamba wa makina. M'mwezi wa Meyi anawapatsa kalata yowachotsa ntchito, iwo ndi anzawo ambiri. Kuyambira pamenepo ankangokhala pa mpando, kuyang'ana khoma. Osalankhula. Nshima ankaisiya theka. Mainess anandilirira. Ine ndinakulunga kabokosi kaja m'nyuzipepala, n'kumupatsa. Panali patapita masabata atatu.

"Poyamba vinali bwino," anatero Mainess. "Atate anayamba kuseka. Anayamba kudya. Amaidziwa kupambana iwe. Ati ni kusanja chabe, monga ku nchito. Kuchoka m'mawa mpaka magetsi atathima."

"Manje vuto ni chani?"

"Sabata yatha anagona masana pa mpando. Amai anaona vala vawo vikuyenda paveka, monga agwira mabatani. Pakamwa pakutafuna. Pamene anauka anati, 'Amake Mainess, ndikatseka maso ndikuona mabanzi akugwa. Mazira. Soseji.' Anakamba akuseka. Amai sanaseke."

Sindinafunse chifukwa. Mwana aliyense wa makolo a kum'mawa kwa dziko lino amadziwa. Munthu akamaona chakudya m'tulo, ndiye kuti pali amene akumudyetsa. Ndipo nyama ya m'tulo si ya ng'ombe.

"Amai anauza anzawo ku chigwirizano. Anzawo anauza Humphrey."

Humphrey. Mlaliki wachinyamata wa mpingo watsopano, wosonkhana m'kalasi ya pasukulu. Anamufunsira Mainess kawiri. Anakanidwa kawiri. Sanaiwale.

"Anabwera na botolo ya mafuta. Anaona kaseti, vilembo vija. Ati ni mapangano. Ati banthu oyenda ku nyanja monga iwe samapita kukagula mawotchi. Ati mumalowa pansi pa madzi, mumapatsidwa katundu, pobweza mumapereka banthu. Ati unayambira pa atate chifukwa ni ofooka."

Nkhani za mtundu umenewu ndinkazimva m'masitima ndi m'mabasi. Munthu wa sitolo, mphekesera, gulu la anthu, tayala ndi palafini. Ndinkazimva ngati nkhani za anthu ena.

"Evaristo, niyang'ane."

Ndinamuyang'ana. Milomo yake inali youma.

"Niuze zoona. Ku Dar umachita chani?"

Mawu amenewo anandipweteka kuposa beseni la ba Alice.

"Nimagona pa makatoni pa steshoni. Nimadya tchipisi ya mazira. Nimakangana na banthu a pa chipata cha malire ku Nakonde. Ndiye vimene nimachita."

"Pansi pa madzi?"

"Ine? Olo mu Kafue muno siningasambire. Waiwala tsiku lija pa bwato? Ninagwira siketi yako mpaka inang'ambika."

Anafuna kuseka. Kuseka kunakanika.

"Manje n'chifukwa chani naine nimaviona?"

Anatsitsa mawu.

"Nikatseka maso. Mu tchalitchi, mu bafa, paliponse. Vimagwa. Sininauze munthu."

Apa ndiulule. Kamphika isanapite kwa aMvula inakhala m'chipinda changa miyezi isanu. Lachitatu lililonse ndikakhala kuti sindili pa ulendo, nthawi imene kwawo ankadziwa kuti ali ku kwaya, Mainess ankabwera. Tinkakhala pa mphasa, chitseko chotsekula, kusewera mpaka dzuwa litapendeka. Ankandigonjetsa n'kumandinena kuti zala zanga ndi za chinangwa. Palibe china chinachitika m'chipinda chimenecho. Ndikulumbira. Koma angakhulupirire ndani?

"Naine nimaviona," ndinatero. "Njira yonse pa sitima nabwera navo. Ni maso chabe, Mainess. Amatopa."

"Watsimikiza?"

Ndinati inde. Koma nthawi yomweyo ndinakumbukira munthu amene anandigulitsa kaseti ija ku msika wa Kariakoo, ku Dar. Wamtali. Diso limodzi loyera. Anandipatsira ndi dzanja lamanzere. Sindinaganizepo za iye miyezi yonseyi.

Sitima ya katundu inadutsa pa njanji inayo. Tinaidikira ithe.

"Loweruka mubwere ndithu," anatero. "Atate ati nkhani ikambidwe pabwalo. Koma va Lachitatu usakambe. Olo akupanikize bwanji. Amai angafe."

"Sinizakamba."

"Lumbira."

Ndinalumbira. Anaimirira, n'kukonza chitenje. Atayenda pang'ono anabwerera. Anandigwira chala chimodzi, mwachangu, ngati akuyesa ngati mphika watentha. Kenaka anathamanga.

* * *

Lachisanu m'mawa ndinapeza mtanda wa makala pa chitseko changa. Pansi anawaza mchere. Mayi eni nyumba, amene ankandisungira madzi otentha ndikachoka ku ulendo, anali atadzitsekera mkati.

Pa mpanda panaima Humphrey. Jekete lofiirira, Baibulo m'khwapa, nsapato zonyezimira.

"Ba Evaristo. Mwayenda bwanji ku madzi?"

"Ndiwe walemba ichi?"

"Ine sinilemba pa vitseko. Banthu ali na maso awo."

"Ufuna chani, Humphrey?"

"Nifuna moyo wako upulumuke." Anamwetulira. "Mawa ukagwade. Ukakambe pamaso pa banthu kuti unatumidwa. Tizakupempherera, tizawotcha kabokosi kaja, nkhani izatha."

"Nivomere vimene sininachite?"

"Ukakana, ine siningaletse banthu. Anyamata a mu Nangongwe ni okwiya. Nchito kulibe. Dzulo naona ena akugubuduza tayala. Kaya ni ya chani."



"Nikavomera, Mainess?"

"Aa, ba Evaristo. Ni kholo liti lingapereke mwana kwa munthu wovomera va Satana?"

"Nikakana?"

"Ni kholo liti lingapereke mwana kwa mtembo?"

Anawerama, anapukuta nsapato ndi kansalu, n'kumapita akuimba nyimbo ya m'kamwa.

Ndinalowa m'chipinda. Pasipoti inali m'thumba la jekete. Basi ya ku Livingstone imadutsa nthawi ya teni. Ndinaigwira pasipoti ija nthawi yaitali. Miyendo yanga imadziwa kuchoka. Ndiyo ntchito yake. Sindinakhalepo malo amodzi mwezi wathunthu chiyambire kumera ndevu.

Ndinaiponya pansi pa matiresi. Ndinakwera minibasi ya ku Shimabala.

* * *

Amalume a Obed ndinawapeza m'dimba, akuthirira repu. Anamvetsera osasiya kuthirira. Nditamaliza anaika kheni pansi.

"Ndinakuuza chiyani za mphatso?"

"Munati nidikire."

"Ndinati kwa apongozi sikulowa ngakhale singano ankhoswe asanapondeko. Iwe unatumiza chiyani? Chinthu choimba chokha."

"Ninamvera chisoni atate ake."

"Chisoni." Anandiyang'ana kuyambira ku nsapato. "Mphwanga, ndikufunsa kamodzi, sindidzafunsanso. M'chinthu chimenecho muli kanthu?"

"Muli mawaya, amalume."

"Mawaya okha?"

"Mawaya chabe."

Anapukuta manja pa thalauza.

"Chabwino. Mbale tinyamula. Akatilandira, tiziika pansi. Akatithamangitsa, tithawa nazo, ndi za azakhali ako. Koma mawa pakamwa pako ndine. Mkamwini salankhula pabwalo la apongozi. Ukakhale pansi, maso pa dothi. Wamva?"

"Namva."

"Ndipo usavale nsapato zosongokazi. Uvale zoti ungathamange nazo."

Ndinadikira kuti aseke. Sanaseke.

* * *

Loweruka, nthawi ya naini, tinalowa mu Nangongwe. Amalume patsogolo, mbale zokulunga m'nsalu zili m'khwapa. Ine pambuyo. Anthu ankatuluka m'nyumba n'kumatitsatira. Osalankhula. Mapazi okha.

Pofika kwa aMvula, mpanda wonse unali mitu ya anthu. Tayala lija ndinaliona. Analitsamiritsa pa mtengo wa gwafa, kunja kwa geti. Pambali pake panali kabotolo.

Pakati pa bwalo anayala thumba. Pa thumbapo panali Kamphika, mawaya ake atakulungidwa, mchere utazungulira. AMvula anakhala pa mpando wachitsulo, owonda, maso ofiira. Amai ake a Mainess anali pa mphasa ndi azimayi awiri a chigwirizano. Mainess anaima pakhomo la khitchini. Sanandiyang'ane.

Tinakhala pansi. Amalume anaomba m'manja, napereka moni. AMvula anangogwedeza mutu.

Humphrey sanadikire kuitanidwa. Ananyamula kaseti yachikasu ija ndi kansalu kake, n'kuikweza m'mwamba.

"Amene anapita ku sukulu awerenge apa. Ba ticha, muliko uko? Werengani."

Anaonetsa kaseti ija uku ndi uko.

"Simungawerenge, chifukwa sivinalembedwere imwe. Bambo awa anali bwino. Chinthu ichi chalowa m'nyumba, manje akudya m'tulo. Ine nifunsa funso imodzi chabe." Anatembenukira kwa ine. "Soseji ija ni nyama ya ndani?"

Mayi wina kumpanda anakuwa. Phokoso linayenda m'gulumo ngati mphepo m'chimanga.

Amalume anakweza mawu. "Makolo, ife tabwera mwaulemu. Chinthu ichi n'choseweretsa. Chimagulitsidwa poyera, m'masitolo a ku Lusaka chiliko, ana a anthu..."

"Mudala, naiwe uli momwemo!"

Mwala unagwa pa malata. Wina unagwa pafupi ndi phazi langa. Mawu a amalume anathera pakhosi. Ndinamva wina akusuntha tayala lija.

Maso anga anali pa dothi, monga anandiuzira. Pa dothipo ndinkaona mapazi a aMvula, mawondo awo, ndi manja. Manja aakulu, osweka m'mphepete. Zala zazikulu zinkadinadina pa mawondo. Kumanzere. Kumanja. Kutembenuza. Eni ake sankadziwa.

Ndinagwada. Ndinaomba m'manja katatu.

"Atate, nikhululukireni. Nifunseko chinthu chimodzi."

Amalume ananditsina pa ntchafu. "Khala chete, iwe!"

AMvula anakweza dzanja. "Msiyeni."

Ndinapitiriza. "Chaka chimene munayamba nchito yosanja matumba. Mukaweruka, mukatseka maso, munali kuona chani?"

AMvula anandiyang'ana nthawi yaitali. Kenaka anayang'ana manja awo.

"Matumba," anatero. "Oyera. Akutsika pa lamba, osatha. Mwezi wathunthu." Anatembenukira kwa akazi awo. "Amake Mainess, mwaiwala? Ndinakugundani ndi chigongono m'tulo ndikuwakha thumba. Munakagona kwa achemwali anu masiku awiri."



"Zoona, Mvula!" Anali mdala wina kumpanda, wa chipewa cha fakitale. "Naine! Ine ninali kuwaona mpaka mu tchalitchi, abusa ali pa guwa!"

"Ine nikasankha kapenta tsiku lonse, nimaona tumaso twake," anatero mayi wina.

"Nanga ine?" Amenewo anali ba Alice, atakwera pa njerwa kuti aone bwino. "Zaka teni nimaona vitumbuwa! Nenze kuganiza ni njala!"

Anthu anaseka. Kuseka kwenikweni, kogwira m'mimba. Ndinasuzumira ku geti. Munthu wina anali atagwetsa tayala lija n'kukhalapo.

Koma Humphrey sanathe.

"Sekani! Matumba munawagwira na manja anu. Kapenta ni yanu. Ivi ni vakudya vochokera ku madzi, volowa mu munthu ali mtulo. Papita masabata atatu chabe. Ndani pano adziwa mapeto ake? Mwezi umodzi, iwiri, muzanyamula bokosi pa nyumba ino. Muzaseka?"

Kuseka kunazima. Amai anayamba kulira, akugwira mwendo wa mpando wa amuna awo. Munthu uja anadzuka pa tayala.

Pamenepo Mainess anachoka pakhomo la khitchini. Anayenda mpaka pakati pa bwalo, nagwada pafupi ndi amai ake.

"Amai, lekani kulira. Kulibe mapeto alionse. Naine nimaviona, kuchokera kale, ndipo nili bwino. Mabanzi, nsomba, keke, vonse. Niyang'aneni. Nadwala? Nawonda?"

Amai anamugwira masaya, kumutembenuza uku ndi uko. Anthu anayambanso kung'ung'udza, koma mofewa. Humphrey anatsitsa kaseti. Mainess anali atapambana.

AMvula anatembenuka pang'onopang'ono.

"Keke?"

"Ee, atate."

"Mumphika muja mulibe keke."

Keke ilimo. Yoyera, ya kachipatso kofiira pamwamba. Imayamba kugwa munthu akafika gawo la makumi awiri, pomwe zakudya zimatsika ngati matalala. Ine ndinaiona kawiri kokha. Mainess ankaifika akucheza.

"Masabata atatu ndakhala pa chinthu ichi, m'mawa mpaka madzulo," anatero aMvula. "Ndafika gawo la khumi ndi chinayi. Ndikadzuka ndimachikhomera m'kabati, kiyi ali m'thumba mwanga. Palibe wachigwira m'nyumba muno. Iwe keke unaionera kuti?"

Mainess anayang'ana pansi.

"Mnyamata." Tsopano ankalankhula ndi ine. "Mumphika muja muli keke?"

Ndinaona njira ziwiri, zonse zoipa. Ndikati mulibe, ndiye kuti Mainess akuona chakudya chimene sichili m'gemu. Humphrey akanalumpha. Anthu akanati mtsikana wadyetsedwa kale, ndipo tayala linali pafupi. Ndikati ilimo, funso lotsatira ndinkalidziwa.

"Ilimo, atate."

"Gawo lanji?"

"La makumi awiri."

"Munthu amafika pamenepo pa masiku angati?"

"Si masiku, atate."

"Nanga?"

"Miyezi."

"Ingati?"

"Inayi. Ngati ali na vala vabwino."

"Miyezi inayi. Kuti?"

Ndinali nditalumbira. Sindinayankhe. AMvula anadikira. Bwalo lonse linadikira. Nkhuku inadutsa pakati pathu, ikujompha mchere.

Amai ndiwo anayankha. Anachotsa manja pa masaya a mwana wawo ngati apsa.

"Kwaya," anatero. "Lachitatu. Mayo ine, kwaya!"

* * *

AMvula anaimirira. Sindinadziwe kuti ndi aatali chotero.

"Za Satana palibe pano," anauza anthu a kumpanda. "Mwamva ndi makutu anu. Pitani kwanu. Tengani ndi tayala lanulo."

Anthu anachoka mokokera mapazi. Anabwerera nkhani imodzi, ankapita ndi ina yokoma kuposa.

Titatsala ochepa, anayang'ana amalume.

"A Obed, mphwanuyu si mfiti. Ndamuyeretsa ndi pakamwa panga. Koma mwana wanga wakhala akulowa m'chipinda chake miyezi, ine ndili pano ngati chitsa. Ntchito anandichotsa. Tsopano ndi m'nyumba mwanga momwe ndachotsedwa, osandipatsa ngakhale kalata. Mbale zanuzo musazitsitse."

"Atate, chitseko chinali chotsekula, sitina..."

"Sindikulankhula ndi iwe. Walankhula kokwanira lero."

Amalume anawerama mpaka chipumi chinatsala pang'ono kugunda dothi. "Talakwa, bambo. Tiuzeni chochita."

"Lolemba Mainess apita kwa azakhali ake ku Chadiza. Alangizi akamuone. Akakhala komweko mpaka ine nditanena. Mwezi, chaka, sindikudziwa. Mnyamata uyu akamutsatira, kapena kutumiza ngakhale kalata, nkhani ya ukwati yafera pomwepo. Akadikira, mwina tidzakambirana."

Mainess sanalire. Ankangoyang'ana thumba lija, manja ali pa mawondo.

"Apita ndi yani?" anafunsa amai akupukuta maso. "Ine miyendo yanga simuidziwa? Ndipo mtsikana yekha pa msewu uja, ayi."

Wina anatsokomola. Tonse tinali titaiwala kuti Humphrey akadali pabwalo. Kaseti ija anali ataibwezera pa thumba, mwaulemu.

"Atate, amai, ngati mungalole. Lolemba nili na ulendo wa ku Chipata, ku msonkhano wa mapemphero. Ningamuperekeze mlongo wathu mpaka pakhomo pa azakhali. Ni panjira chabe."

Mainess anakweza mutu. Kwa nthawi yoyamba tsiku limenelo anandiyang'ana m'maso. Sindinamuonepo ali ndi mantha otero, ngakhale kuseri kwa steshoni.

"Mulungu akudalitseni, mwana wanga," anatero amai.

Ndinayang'ana aMvula. Ndinapempha ndi maso. Iwo anali atatopa. Anangokupiza dzanja, ngati akuingitsa ntchentche, n'kulowa m'nyumba.

* * *

Tinatuluka mu Nangongwe osalankhulana. Mbale zinkagundana m'khwapa mwa amalume.

Msewu wa ku Chipata ndimaudziwa. Basi imanyamukira ku Lusaka. Tsiku lathunthu, ikapanda kufera m'mapiri. Ikafa, masiku awiri. Pa Luangwa imaima, anthu amatsika kukadya nsomba. Mipando ndi ya awiriawiri, yopanikiza, mawondo amagundana. Ndipo kuchoka ku Chipata kukafika ku Chadiza, galimoto siipezeka tsiku lililonse. Anthu amagona m'tauni.

"Ndikukuona," anatero amalume. "Usayerekeze."

"Sininakambe kanthu."

"Miyendo yako ikulankhula. Wamva mawu a bambo ake. Ukakwera basi imeneyo, mkazi wamutaya. Ndipo ine mbale izi sindidzanyamulanso."

"Nikapanda kukwera?"

Anasamutsa mbale, kuziika kukhwapa linalo.

Tinafika pa siteji. Minibasi inali italira kale injini, kondakitala atalendewera pakhomo, akumenya denga ndi chikhatho.

"Lusaka! Lusaka! Umodzi chabe, tiyende!"

Amalume anandigwira mkono mwamphamvu. Ndinali ndisanasunthe. Koma kondakitala uja amandidziwa. Atangondiona anatsika, n'kukankha chitseko mpaka kumapeto.

"Ba Evaristo, mpando wanu uwu. Mukwera kapena simukwera?"